Maluwa Amene Anapha Dziwe

Panali munthu wina wa kumtunda, mlimi wa mtedza ndi chimanga, amene anakwatira mkazi wa kuchigwa nabwera naye kwawo pa chitengwa. Mwamunayo anthu ankamutchula a Gama, mkaziyo Nangondo.

Nangondo anakulira m'mphepete mwa dambo lalikulu, kumene ana amayamba kupalasa bwato asanadziwe kugwira khasu. Kumene anakwatiwako kunali kwa miyala ndi fumbi. Madzi akumwa ankatunga ku mjigo. Kumunsi kwa mudzi kunali kamtsinje kamodzi, kamene m'chilimwe kankatsala maiwe okhaokha. M'maiwe amenewo amayi ankachapamo, abambo ankatungamo madzi othirira madimba, ng'ombe zinkamwamo. Mudzi wonse unkadalira pamenepo.

Anakhala zaka zambiri mwamtendere. Ana anakula napita kukafuna ntchito kutali. Kenako Nangondo anadwala nthenda ina yodya munthu pang'onopang'ono. Kuchipatala anapita, mankhwala anamwa, koma thupi linkangotha.

Tsiku lina atagona pamkeka pakhonde anati, "Abambo, kwathu nyengo ngati ino dambo limakhala litadzaza. Atchete amaluka zisa m'bango, achule osalola munthu kumva mnzake. Ndikanakonda nditazionanso."

Mwamunayo anayang'ana miyendo ya mkazi wake, nadziwa kuti ulendo wa kuchigwa sangauthe. Koma zokolola zitalowa m'nkhokwe, anatenga khasu ndi fosholo napita kuseri kwa nyumba, pamalo ena otsetsereka pamene madzi amvula ankadutsa. Anayamba kukumba.

Anakumba chilimwe chonse. Dothi la pamenepo linali louma ngati njerwa. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, pamalo pake panabwera zikang'a. Dothi lokumbalo analiunjika kumunsi kuti likhale khoma. Anatuta dongo kuchulu, nalimata pansi, naliponda ndi mapazi kuti madzi asamalowe m'nthaka. Pambali anasiya kangalande kotulutsira madzi akasefukira, kolowera kukamtsinje kaja. Odutsa m'njira ankaima, kuyang'ana, kupukusa mitu. Iye ankangokumba.

Mvula inagwa, dziwe linadzaza. Koma silinali dambo. Linali dzenje la madzi ofiira, lopanda udzu, lopanda mbalame, lachete.

Munthuyo anali ndi mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, amene ankaweta nsomba kutsidya kwa phiri. Mlamuyo anabwera kudzaona, nazungulira dziwe lonse.

"Mwakumba bwino, alamu," anatero. "Tsopano kazuleni mlulu ndi bango kumtsinje mudzale m'mbalimu. Muthiremo manyowa a mbuzi kuti madzi abiriwire. Ndikupatsani tiana ta makumba. Zotsalazo musazifunefune, zidzabwera zokha."

"Zidzabwera liti?"

"Chaka chino zochepa. Chaka chamawa zochulukirapo."

A Gama anachita zonse monga anauzidwa. Anadzala mlulu, anadzala bango. Bango linayamba lafota, kenako linatulutsa timphukira. Mbuzi zinadya tina, iye anamanga mpanda wa minga. Madzi anasiya kufiira, nayamba kubiriwira. Tiana ta nsomba tinkabwera pamwamba akawaza madeya. Tsiku lina tombolombo anatera pa tsinde la mlulu. Tsiku lina m'mbali mwa madzi munaoneka mbululu. Kakowa anabwera kamodzi, anaima pang'ono, nauluka.

Dziwe linali litayamba kukhala ndi moyo, koma linkayenda ulendo wake wosafulumira. Nthenda ya Nangondo ndiyo inkafulumira.

Mwamunayo anamubereka kumsana napita naye kukaona dziwelo. Anamukhazika pa mpando pansi pa mtengo. Mkaziyo anayang'ana timphukira ta bango, anayang'ana madzi, nati, "Mwagwira ntchito, abambo."

Mawuwo anali oona, koma mwamunayo sanawamve. Iye ankaona zimene zinalibepo. Ankaona khoma la dothi lopanda udzu, madzi opanda duwa, ndi mkazi wake wopepuka ngati mtolo wa mapesi.

Patapita masiku anakwera njinga kukatenga mankhwala kuchipatala cha kuboma. Njira yake inkadutsa pa mlatho wa mtsinje waukulu. Pansi pa mlathowo anaona zomera zoyandama, za masamba onenepa onyezimira ngati opaka mafuta, zokhala ndi maluwa ofiirira motuwa. Zinali zitayala madzi ngati mphasa. Anali namasupuni. Anatsika, nazula pang'ono, naika mu jumbo, namangirira pa kaliyala.

Polowa m'mudzi anakumana ndi mlamu wake uja. Mlamuyo anasuzumira mu jumbomo, nkhope yake inasintha.

"Alamu, chimenechi musachiike m'madzi. Chitayeni pamtunda chiume, muchitenthe."

"Chimamera msanga?"

"Chimamera msanga kuposa chilichonse. Vuto lake ndi lomwelo. Dikirani bango lanu."

"Inu mukhoza kudikira," anayankha a Gama. "Mkazi wanga alibe chaka chamawa."

Mlamuyo anapatuka panjira. Ndani angatsutse munthu amene mkazi wake akufa? A Gama anakankha njinga mpaka kudziwe, anamasula jumbo, nakhuthulira namasupuni m'madzi.

Sipanapite nthawi, ngodya imodzi ya dziwe inabiriwira. Kenako maluwa anatuluka. Munthuyo anathamangira kunyumba, anabereka mkazi wake, namukhazika pa mpando uja.

Nangondo anachizindikira chomeracho nthawi yomweyo. Kwawo chinatseka madoko. Anaonapo mabwato atakanirira pakati pake, asodzi akulira, amayi akuyenda mtunda wautali kufuna potunga. Anatsegula pakamwa kuti anene. Koma anaona nkhope ya mwamuna wake ikuwala koyamba chidwalireni iye, anaona manja ake ong'ambika, ndipo mawu anabwerera.

"Ndi a kwathu amenewa," anatero. "Ndi okongola."

Masabata otsatira ankapempha kuti amutengere kudziwe tsiku ndi tsiku. Ankangoyang'ana maluwa akuchuluka. Kaya ankasangalala, kaya ankaopa, palibe amene anadziwa. Chimanga chitayamba kuuma m'minda, Nangondo anamwalira.

Maliro atatha, ana atabwerera kumene anachokera, mlamu uja anabweranso. Namasupuni anali atafika theka la dziwe.

"Alamu, pepani ndi zimene zagwazi. Koma tiyeni tichotse chomera chija nthawi ikadalipo. Ndabwera ndi anzanga, tikuthandizani. Lero lomwe titha."

"Musakhudze," anatero a Gama. "Chinthu chomaliza chimene anachisekerera ndi chimenechi."

Anthu aja anabwerera ndi makasu awo.

Namasupuni anapitiriza. Anatseka pakati, anatseka m'mbali. Dzuwa linaleka kufika m'madzi. Mlulu unapanikizidwa, unachita chikasu, unawola. Bango lija linatsala mapesi. M'mawa nsomba zinkaunjikana pa kampata kamene kanatsala, milomo ili m'mwamba, kufuna mpweya. Munthuyo ankaziwazira madeya, koma sizinkadya. Kampatako katatsekeka, nsomba zinafera pansi, ndipo fungo lake linafika mpaka kunjira. Mbululu zinatha. Mbalame sizinaterenso. Chinachuluka ndi udzudzu.

Iye ankakhalabe pa mpando wa mkazi wake, kuyang'ana maluwa. Pamwamba panali pokongola kuposa kale. Pansi panalibe chamoyo.

Dzinja lotsatira kunagwa mvula yamphamvu. Dziwe linasefukira. Madzi ananyamula namasupuni, nadutsa naye m'kangalande kaja, nakamutula m'kamtsinje ka mudzi. A Gama anathamanga m'matope kuti atseke ngalandeyo ndi miyala, koma wambiri anali atapita kale.

Pofika chilimwe, maiwe onse a kumunsi anali atatsekeka. Amayi ankayamba ang'amba mphasa ya masamba kuti apeze pochapira, ndipo madzi ake anali akuda, onunkha. Ng'ombe zinkakana kumwa. Chomeracho chinkamwanso madzi, moti maiwe amene kale anthu ankafika nawo mvula yoyamba anaphwa kutentha kusanafike pachimake. Tomato ndi mpiru m'madimba zinauma. Mabanja amene ankadya za kudimba m'miyezi ya njala chaka chimenecho anagona ndi njala.

Anthu sanamuimbe munthuyo mlandu pabwalo. Onse ankadziwa chifukwa chimene anachitira. Ena ankamupatsa moni ndithu, koma moni wake unali waufupi. Mayi wina wamasiye, amene dimba lake ndilo linkadyetsa adzukulu ake, anangomuyang'ana nati, "A Gama, ifenso tili ndi odwala kunyumba." Anatero napitirira ndi ndowa yake yopanda madzi.

Tsiku limenelo munthuyo anatenga khasu lija, nagumula khoma la dziwe. Anatulutsa namasupuni yense, namuyanika, namutentha. Dothi limene anatha chilimwe chonse akulitulutsa analibwezera m'dzenje. Pamalopo panatsala chipsera cha nthaka yofiira.

Kenako anatsikira kumtsinje. Analowa m'madzi mpaka m'mawondo nayamba kuzula. Mudzi unamuthandiza. Anaunjika milu, anatentha, maiwe anayera. Koma njere zinali zitagwera kale m'matope, ndipo njere za namasupuni sizifa msanga. Mvula itabwera, anameranso. Anazulanso. Anameranso.

Munthuyo anakalamba ali m'madzi amenewo. Msana unapindika, miyendo inatupa, koma chaka ndi chaka ankapezeka ali yekha m'maiwe, akukoka mizu yakuda yolemera. Ana obadwa pambuyo pake sanaone kamtsinjeko kali koyera. Sanadziwenso kuti kunali mayi wina wa kuchigwa amene ankalakalaka kwawo. Chomeracho ankangochitcha maluwa a a Gama. Iye ankamva dzinalo akamadutsa, naweramitsa mutu. Anamwalira asanamalize kuzula, ndipo amene anatsala akuzulabe.

Abale anga, munthu ameneyu sanali woipa. Anakumba chifukwa cha chikondi, anathira chomera chija chifukwa cha chikondi, anakana kuchichotsa chifukwa cha chikondi. Mkazi wakenso anakhala chete chifukwa cha chikondi. Koma nsomba zinafa, ndipo ana a eni anagona ndi njala.

Ambiri mwa inu muli ndi dziwe lokumba kumene. Wina ndi banja latsopano, wina ndi ntchito yongoyamba, wina ndi mtima umene imfa yausiya wopanda kanthu. Kuyang'ana malo opanda kanthu kumawawa, ndipo padzabwera chinthu chokongola chimene chingawadzaze msanga. Musanachikhuthulire m'madzi, funsani chimene chinachita kumene chachokera. Ndipo inu amene mukuchidziwa, nenani, ngakhale nkhope ya wokondedwa wanu igwe. Pakuti dziwe lanu lili ndi ngalande, ndipo kumunsi kwake kuli anthu.