Maluwa a Gologolo ndi Mphuno ya Nguluwe

Kalekale, nyama zikadadziwa kusonkha moto, kunali Gologolo. Sendera kuno, Ulemu mwana wanga, utsi ukubwera kwa iwe. Inunso amalume musaodzere, nthanoyi ndi yanunso.

Gologoloyu anali katswiri wophika mabisiketi. Khirisimasi ikayandikira, chimanga chili m'mawondo, ankakanda ufa ndi nthochi zakupsa, nsinjiro ndi uchi. Makala pansi pa mphika, makala pamwamba pa chivundikiro. Fungo lake linkawoloka dambo.

Koma fungo silisankha mphuno. Kutsidya kwa dambo kunali Nguluwe, chimimba ngati nkhokwe. Chaka ndi chaka, Gologolo akangophula n'kuyala palichero, pakhomo pankamveka fwe, fwe, fwe!

"Odi kuno! Ndabwera kudzalawako pang'ono."

Kulawa kwa Nguluwe kunali kotere: mphuno m'lichero, khwasu khwasu, lichero mbee!

Gologolo anali ndi kamwana kakakazi, dzina lake Kamchira. Tsiku lina kanamufunsa kuti, "Ababa, kodi bisiketi imakoma bwanji?"

"Iwe, mwana wa wophika, sukudziwa?"

"Ndimadziwa fungo lokha, ababa. Ndi kunyambita lichero."

Gologolo anakwera mumtengo wa mango, mtima ukuwawa. Ali m'mwambamo anaona Nguluwe ali m'munda wa chinangwa. Masamba sakuwayang'ana n'komwe, mphuno ili m'dothi, fukulu fukulu, uku akudziyankhulira: "Masamba ndi a mbuzi, maluwa ndi a njuchi. Wamkulu amadya zapansi."

Gologolo anagwedeza mchira. "Ehe! Bwerezaninso, amalume."

Anatsika. Anadula nsungwi, n'kuiwaza timitengo tosalala, n'kutiviika m'madzi kuti tisapse pamoto. Anakanda ufa monga mwa masiku onse, koma ulendo uno sanaumbe zozungulira ayi. Anaumba maluwa. Ena ngati a dzungu, ena ngati a mpendadzuwa, ena ngati nyenyezi. Duwa lililonse analibaya kamtengo kake, kenaka mumphika. Makala pansi, makala pamwamba.

Atapsa, Kamchira anatambasula kadzanja.

"Pirira, mayi. Duwa silidyedwa lisanavale."

Anawaveka. Chidede chouma anachiviika, madzi ake psuu, n'kusakaniza ndi uchi. Mango akupsa anapereka chikasu. Ufa wa malambe anawaza m'mphepete, mbee ngati mame. Pakati pa duwa lililonse anamatapo mtedza.

M'mawa wa Khirisimasi kumwamba kunayera, mvula inapuma. Bambo ndi mwana anatenga maluwa aja n'kukawazika m'mizere kuseri kwa nyumba, poti dothi linali lofewa.

Ana anga, dzuwa litatuluka n'kuwomba pamunda umenewo! Uchi waliwali. Kofiira, kwachikasu, koyera, zonse zikugwedera ndi kamphepo. Ana a Fulu, ana a Nkhwali, ana a Mbira, onse anathamangira pomwepo n'kuima kukamwa yasa! Njuchi zinazungulira, osatera, zikufunsana kuti maluwa amenewa anabzala ndani. Ngakhale Chule, amene sakhala chete nyengo ya mvula, anangoti zii. Kamchira ananong'ona, "Ababa, tapanga ndife zimenezi?"

Pomwepo: fwe, fwe, fwe!

"Odi kuno! Lichero lili kuti?"

"Pepani amalume," anatero Gologolo, nkhope yachisoni. "Chaka chino lichero lilibe kanthu. Onani, ndinangobzala izi."

Nguluwe anatembenuka. Nayenso anaima kakasi. Maso ake ang'onoang'ono aja anatseguka ngati ayamba kuona lero.

"Mayo ine! Mbewu yanji imeneyi?"

"Mbewu ya mabisiketi."

"Usandinamize, mphwanga. Mabisiketi amamera?"

"Nanga mphuno yanu ikuti chiyani?"

Nguluwe ananunkhiza. Fungo ndi lomwe lija. Dovu linayamba kuchucha. Anayandikira duwa lofiira, kukamwa kuli pululu, ndipo Kamchira anagwira mchira wa bambo ake, misozi ili lengelenge.

"Idyani, amalume, idyani," anatero Gologolo. "Ife ana timakhuta ndi maluwa omwewa. Zapansizo sitingazithe, tilibe mphuno yokumbira."

Nguluwe anatseka kukamwa. "Zapansi?"

"Aa, ndalakwa kuyankhula. Iwalani."

"Iwe Gologolo wa mchira ngati tsache, ukufuna undidyetse maluwa ngati njuchi, mbatata yake udye wekha? Ngati duwa likununkhira chonchi, nanga zapansi zili bwanji?" Anatembenukira ana aja. "Inu tiana, chotsani zinyalala zanuzi! Zulani msanga, zikunditchinga!"

Anawo sanadikire kuuzidwa kawiri. Aliyense zulu! duwa lake m'manja, kamtengo ngati chogwirira. Anakakhala pachulu n'kuyamba kudya, kukutu kukutu.

Kamchira analuma kamodzi. Anasiya kutafuna. Anayang'ana bisiketi, anayang'ana bambo ake.

"Ababa, ikukoma kuposa fungo."

Gologolo anayang'ana kumbali, akuti utsi wamulowa m'maso. Koma moto unali utazima kale.

Kumunda kuja fukulu, fukulu, dothi likuuluka. Dzuwa linafika pamutu. "Mphwanga! Sindikupeza kanthu!"

"Zimakhala pansi kwambiri, amalume! Wamkulu satopa!"

Fukulu, fukulu. Pofika madzulo kunkangooneka kamchira ka Nguluwe kopiringizika pamwamba pa dzenje. Atatuluka, matope mpaka m'makutu, anapeza ana atanyambita ndi timitengo tomwe. Koma kuvomera kuti wapusitsidwa, iyayi. "Zinali zisanakhwime," anatero. "Ndikazipeza kwina."

Mpaka lero akuzifunabe. Amalume, munda wanu wa chinangwa uja anaufukula sabata yatha, musamukwiyire kwambiri, akusaka mbatata ya bisiketi. Amene amati zokoma zonse n'zobisika amasiya zili pamphuno pake.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula, idyani ikadali yotentha. Ulemu, mawa ulawirire, tikadule nsungwi.