Tsiku Limene Njiri Anathamangitsa Nyanja

Kalekale, abale anga, nyama zikadayankhula ngati ine ndi inu, kunali dziko lina kutali kum'mawa, kumene nkhalango imathera pamchenga, mchenga n'kukathera m'nyanja yamchere. Kumtunda kunali milambe ndi migwalangwa. Kumunsi, m'matope, kunali mitengo ina yodabwitsa, yoima pamizu italiitali ngati mayi wokweza chitenje powoloka mtsinje.

Chaka china kunagwa chilala. Njiri anayenda, anayenda, kufunafuna mizu, mpaka anatulukira pagombe. Nyanja yotere anali asanaionepo. Anayamba kufukula pansi ndi mphuno, mchenga n'kumulowa.

"Yetsi!"

Podzutsa mutu, anaona madzi akubwerera m'mbuyo. Anabwerera, anabwerera, mpaka pamene panali nyanja panatsala chibwalo cha mchenga wonyowa, tinsomba tili phiriphiri m'zithaphwi.

"Ha!" anatero Njiri. "Yandiopa!"

Nkhanu, amene anabadwira pagombe pomwepo, anasuzumira kuchokera kudzenje lake. "Moni, alendo. Wakuopani ndani?"

"Nyanjatu, mayi. Ndangoyetsemula kamodzi, yathawa."

"Imachita choncho tsiku ndi tsiku, bambo. Imapita, imabwera. Makolo anga anaipeza ikuchita zomwezo."

"Makolo anuwo anali ndi mphuno?"

"Ayi."

"Nanga za kuyetsemula mukudziwapo chiyani? Woyenda chammbali, nzeru zakenso ndi zammbali."

Njiri anathamangira kunkhalango kukauza Nyani ndi Njati, amene njala inali itawaonetsa nthiti. M'mawa mwake anabwera nawo pagombe. Anapeza madzi ali tho, mafunde akumenya mpaka m'tsinde mwa migwalangwa.

"Achimwene," anatero Nyani, "nyanja yothawa ija ndi yomweyi ikutinyambita mapaziyi?"

"Yabwera chifukwa ndinachokapo. Mbuzi zimalowa m'munda mwiniwake akachoka. Penyetsetsani."

Anatapa mchenga wouma, nauthira m'mphuno. "Yetsi!" Nyanja ili pompo. Anathiranso. "Yetsi!" Nyanja ili pompo. Anayetsemula, anayetsemula, mphuno n'kutupa, misozi ili chuchuchu. Njati anagona, anadzuka, anagonanso. Dzuwa litakwera ndithu, madzi anayamba kubwerera.

"Mwaona?" anatero Njiri ndi mawu osasa. "Ndi yamakani, koma imamva."

Njati anagwedeza mutu. "Eee, a Njiri, inu ndinu akuluakulu."

Pamenepo Njiri anafufuma. "Dziko lonse lasiyidwali ndi langa. Katengeni mabanja anu, musamukire kuno. Ine ndikhala pakati penipeni, nyanja sidzayerekeza kubwera. Koma chilichonse chimene mutole, choyamba chizilowa m'kamwa mwanga."

Njala ilibe manyazi. Nyani anabwera ndi mkazi wake ndi ana asanu, nayamba kubzala nthanga za malambe mumchenga. Njati anabwera ndi mtolo wa udzu, nayala pogona. Njiri anakakhala kutali pakachulu ka mchenga, akulandira ndere, nkhono ndi tinsomba, mimba ili tuu.

Nkhanu anayandikira mkazi wa Nyani. "Mayi mnzanga, berekani ana. Madzi akubwera."

"Koma a Njiri anena kuti..."

"Taonani mitengo iyo. Mukuganiza kuti inaimiriranji pamiyendo? Ikudziwa chimene chimabwera kuno."

Mkazi wa Nyani anayang'ana mitengo, anayang'ana Njiri, nabereka mwana mmodzi yekha, kuti asakhumudwitse aliyense.

Madzi anabwera. Anafika m'akakolo.

"A Njiri!" anafuula Njati. "Pogona panga panyowa! Yetsemulani!"

Njiri anatapa mchenga. Unali wonyowa. Anatapa wina, wonyowanso. Anaupaka m'mphuno, koma mchenga wonyowa suyetsemulitsa.

Madzi anafika m'mawondo.

Nyani anatola nthenga ya kakowa imene inkayandama, nayamba kumugirigisha nayo m'mphuno.

"Ye... ye... yetsi!"

Madzi anafika m'mimba.

"Mwamphamvu, achimwene!"

"Mphuno yatopa!"

Pomwepo funde linakokolola kamwana kotsiriza ka Nyani. Mayi wake analira mokuwa. Njati analumpha, nakakola ndi nyanga kasanamire. Apa aliyense anaiwala za dziko latsopano lija.

"Gombe latalika, simukafika!" anakuwa Nkhanu. "Nditsateni kumitengo! Chitani zimene ndikuchita ine!"

Ndipo onse, abale anga, anathamanga chammbali. Nyani chammbali, mkazi wake chammbali, ana chammbali, Njati naye chammbali, poti anaganiza kuti mankhwala ake ndi omwewo. Anafika pamitengo yamiyendo ija. Anyani anakwera msanga. Njati anaponda muzu uwu, anaponda muzu uwo, mtengo ukulira kuti kwee, mpaka anakhala panthambi, miyendo ili lende.

"Amene akanene kumtunda kuti wandiona mumtengo," anatero Njati akuwefuka, "ndidzamupondaponda."

Njiri yekha anatsala pakachulu kake, madzi ali m'khosi, akukalipira nyanja. "Iwe! Ukundidziwa ine? Bwerera! Ndikuwerengera katatu!"

Sanafike pa kawiri. Funde linamunyamula, linamugubuduza, linamumwetsa mchere, n'kukamuponya pansi pa mitengo ija. Nyani anatambasula dzanja, namugwira mchira. Kumukweza analephera, poti zonse anadya zija zinali m'mimba. Choncho Njiri anakhala lende, mutu pansi, mchira m'manja mwa Nyani, tinsomba tikumujompha mphuno.

Anakhala, anakhala, anakhala. Kenaka madzi anayamba kutsika okha. Anatsika, anatsika, mpaka matope anaonekanso.

Njati anayang'ana uku ndi uku. "Wayetsemula ndani?"

Onse anayang'ana Njiri.

"Ndafunsa, wayetsemula ndani?"

Njiri anatsokomola madzi amchere. "Ndine," anatero ndi mawu apansipansi. "Ndayetsemula chamumtima."

Nyani anangotsegula dzanja. Njiri m'matope phwa!

Anadzuka osatsanzika aliyense, nathamanga molunjika kumtunda, mchira umene Nyani anaukoka uja uli njo. Mpaka lero sunagwe. Mukamuona njiri akuthamanga, mchira umaloza kumwamba. Ndipo akafika kudzenje lake amalowa chambuyo, nkhope ili panja, kuti aone ngati nyanja ikumulondola.

Anyani ndi Njati anatsala kumeneko. Nkhanu anawaphunzitsa nthawi yotsikira kumchenga ndi nthawi yothawa, ndipo chilala chinatha popanda ngakhale mmodzi wofa.

Phunziro lake ndi ili, abale anga: chinthu chikachitika iwe ulipo, sindiye kuti wachichititsa ndiwe. Ukafika kuchilendo, mvera amene wawapeza, ngakhale akhale oyenda chammbali.

Nthano yanga yathera pompa. Amene anaika mbatata paphulusa akaphule, ingapserere.