Masamba a pa mphambano

Panali bambo wina amene nyumba yake inali pa mphambano ya misewu iwiri. M'mawa wina mkazi wake, Nachisale, anasesa pakhomo, nathirira maluwa a m'chitini, namuuza kuti makala atha. Pobwera ndi makalawo, bamboyo anamupeza atatsamira khoma, tsache lili pamiyendo. Sanadzukenso.

Pamene awiriwa ankafika pamalopo, zaka makumi atatu kumbuyoko, msewu unali wafumbi ndipo khomo lililonse linali ndi mtengo wake. Bamboyu ndiye anayamba. Atapuma ntchito anadula mango wa kumaso kwa nyumba, namangapo okala.

"Nanga mthunzi, bambo?" anafunsa Nachisale.

"Mthunzi sitidya," anayankha.

Anansi ataona kuti okala ikuyenda, nawonso anadula yawo. Khonde lina linasanduka butchala, lina saluni, lina malo owotcherera zitsulo. Phula litabwera, eni nyumba anasiyira amalonda nyumba zathunthu, nasamukira kutali kopanda phokoso. Pa msewu wonsewo, ogona pomwepo anatsala awiri okha: bamboyu ndi mkazi wake.

Tsono mukudziwa mwambo wathu. Maliro akagwa timayala masamba pamsewu, kuti wanjinga atsike, wachipewa avule, wagalimoto achepetse liwiro. Bamboyo anatuluka kukathyola masamba. Anayang'ana kumtunda, nayang'ana kumunsi: malata, zikwangwani, konkire. Anayenda mpaka kumtsinje, nabwerako atasenza nthambi, thukuta lili kamukamu. Anaziyala m'njira zonse zinayi, nakhala pansi kudikira anthu.

Minibasi inaziponda. Akabaza anazilambalala akuliza mabelu. Kenaka mayi wa pasaluni anatuluka ndi tsache.

"Agogo, zinyalalazi ndi zanu? Zikutchingira makasitomala."

"Ndi maliro, mayi."

"Ayi, pepani! Watisiya ndani?"

"Mkazi wanga."

"Amakhala kuti?"

"Kuseri kwa okalayi."

Mayiyo anasuzumira m'kanjira ka pakati pa makoma. "Kodi kumeneku kumakhala anthu?"

Sanali munthu woipa. Anabwezera nthambi zija pamalo pake, nakazimitsa wailesi yake. Koma makina a owotcherera sanaleke, ndipo pofika masana wailesi ija inali ikuimbanso. Akumpingo anafika mochedwa, kuchokera kutali. Anapanikizana m'kanjira kaja, dzuwa likuwawomba pamutu, ndipo nyimbo zawo sizinamveke ngakhale kutsidya kwa msewu. Bamboyo sanalire pamaso pa anthu. Ankangoyang'ana pamene panali mango paja.

Abale anga, pa msewu umenewu palibe anaba, palibe anapha. Aliyense anadula mtengo umodzi wokha, wakewake, ndipo anali ndi chifukwa chomveka: ana amafuna kudya. Sindikukuletsani malonda. Koma musanagwetse khonde lanu, imani kaye, muwerenge anthu amene akudziwa dzina la mkazi wanu pa msewu umene mukukhala. Wogula amabwera chifukwa muli ndi katundu. Tsiku limene mudzayale masamba, simudzakhala ndi chogulitsa.

Bamboyo akadali pomwepo. Okala ija amaitsegulabe sikisi koloko.