Njerwa za M'kati mwa Chumuni

Panali mayi wina, injiniya, amene anamuitana ku fakitale yowotcha laimu kuti akaone ngati chumuni chatsopano chidzapirire mphepo. Chumunicho chinali chachitsulo, chachitali, ndipo m'kati mwake ankafuna kuyalamo njerwa zosamva moto kuti utsi wotentha usadye chitsulo.

Mayiyo ankadziwa kuti chinthu chilichonse chachitali chili ndi kagwedezekedwe kake. Mphepo ikamachikankha mogwirizana ndi kagwedezekedweko, monga amakankhira mwana pakatungwe, sipafunikanso namondwe kuti chigwe. Choncho anawerengera chitsulo, n'kuwerengeranso njerwa. Njerwa sizilimbitsa chumuni, zimangochilemeretsa. Chikalemera chimagwedezeka pang'onopang'ono, ndipo kagwedezekedwe ka chumunichi kanatsika mpaka kufanana ndi kakankhidwe ka mwera wamba wa mu Juni.

Mwini fakitale anamvetsera zonsezo akuseweretsa makiyi a galimoto.

"Mayi," anatero, "njerwazo zili m'kati, mphepo ili kunja. Zikaonana kuti?"

"Sizifunika kuonana, bwana. Thumba la chimanga pakaliyala silidziwana ndi chitunda, koma mufunseni wopalasa njingayo."

"Chabwino, tisakangane. Werengerani theka la njerwazo. Theka linalo mundichotsere."

"Akanakhala matimati ndikanakuchotserani, n'kukuikirani ndi basela. Koma njerwazi zikwera zonse, ndipo pansi pake pazigwira ntchito anthu."

"Ndiye ndiwonjezere chitsulo, nditsegule mochedwa chifukwa cha inu? Mainjiniya ndi ambiri, mayi. Vomerezani lero, ntchito ya uvuni wachiwiri ikhalanso yanu."

Chaka chimenecho ntchito zinali zosowa, ndipo mayiyo analibe ina yomudikira. Anayang'ana pawindo. Kunja amuna ankatsitsa njerwa zija kuchokera mu lole, awiriawiri, misana itapindika. Palibe amene anawachotsera theka.

Anavula chipewa cha fakitale n'kuchiika patebulo.

"Kafuneni wochotsera, bwana. Dzina langa silikwera nawo pachumuni ichi."

Anatuluka wapansi mpaka kumsewu, nsapato zili mbuu ndi laimu. Sanamuitanenso.

Tsono inu mwatchera khutu kuti mumve zoti chumunicho chinagwa. Anthufe timatero: wokana timamukhulupirira pokhapokha maliro akachitika. Kaya chinagwa, kaya chidakaima, mayiyo analondola tsiku lomwe anakana lija.

Nanunso adzakuuzani, kuntchito, kubanja, ngakhale mukomiti ya kumpingo, kuti katundu amene sakuoneka musamuwerengere. Adzakuuzani mokoma, atakukhazikani pampando wabwino. Muwerengereni yense. Akakwiya, akwiye. Bwana ngakhale atafuula chotani, njerwa siipepuka.