Injini Ili M'chikuta

Ku Suame, mu mzinda wa Kumasi, nthaka ndi yakuda bii ndi oilo, ndipo ukafuna kupereka moni umayamba wadikira kuti nyundo ipume. Kumeneko a Fosu, makaniko wa imvi mpaka m'nsidze, anatha milungu itatu ataweramira injini ya galimoto ya Pijo ya mnzawo wa paubwana, a Takyi. Anaiphwasula yonse, anapalitsa mmene mumayenda mapisitoni, anaika malingi atsopano, n'kuibwezera chitsulo chimodzichimodzi mosamala ngati wosoka chovala cha ukwati. Lolemba m'mawa atailiza, inalira mosalala moti a Takyi anavula chipewa.

A Takyi anali dalaivala wa matola, zaka makumi atatu pa msewu wa ku Techiman. Pa siteji ankawatcha Mphepo, chifukwa chiyambire panalibe dalaivala amene anawadutsapo. Koma kwa chaka chathunthu galimoto inali itakhala pa miyala, Mphepo n'kumayenda wapansi ngati wina aliyense.

Ulendo wa tsikulo sunali wa matola. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ofori, mphunzitsi ku kamudzi kena kuseri kwa Nkoranza, anali atalandira mwana wamkazi patatha zaka zisanu ndi ziwiri ali pabanja popanda mphatso. Mawa lake linali tsiku lachisanu ndi chitatu chibadwire mwanayo, lotulutsa khanda m'chikuta dzuwa lisanakwere. Ofori anali atatumiza mawu akuti mwanayo atenga dzina la agogo ake aamuna, ndipo agogowo adzamunyamule okha, amudonthezere madzi ndi mowa pa lilime, atchule dzinalo ndi pakamwa pawo.

A Fosu anatenga katoni, nalembapo ndi penti yofiira kuti INJINI YATSOPANO, DUTSANI, n'kuimata pa galasi la kumbuyo.

"Chimenecho ndiye cha chiyani?" anafunsa a Takyi.

"N'cha anzako akumbuyo, asakusokose ndi hutala. Tamvera, Mphepo iwe. Singano isapitirire makumi asanu. Pa chitunda tsitsa giya, usaikakamize. Ukayenda makilomita mazana asanu ubwere tidzataye oilo. Ukakwanitsa chikwi, katoniyi ndidzachotsa ndekha."

"Makumi asanu? Bwanji osangondibwereka bulu?"

"Bulu angakane, mbiri yako anaimva. Zitsulo zili m'katimu sizinadziwane. Zili ngati iwe ndi alamu anga chaka choyamba chija, kukhulana pang'ono, kuzolowerana pang'ono. Ukazifulumizitsa zipsa mtima. Injiniyi ndi khanda, nayonso ili m'chikuta."

Mayi Konadu, akazi awo a Takyi, anali atakhala pa benchi, dengu lili pamiyendo. "Alamu," anatero, "kwathu chaka choyambacho sichinathe mpaka lero."

Onse atatu anaseka, ndipo a Fosu anasisita boneti kawiri asanawalole kunyamuka.

Ananyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Kwa woyenda modekha ulendo wonse unali wa maola anayi, choncho nthawi inalipo yokwanira, yina n'kutsala. Atatuluka mu mzinda, magalimoto anayamba kuwadutsa. Ena akawerenga katoni ija ankakweza dzanja mwaulemu, monga madalaivala amachitira akaona mnzawo akulera injini. Inadutsa basi, inadutsa lole ya makala, inadutsanso njinga yamoto itanyamula mbuzi. A Takyi anangoluma mano.

Koma mayi Konadu anali pa chikondwerero. Anatsitsa galasi, mphepo n'kumawasisita kumaso.

"Bambo a Ofori, kodi pano pali tchalitchi? Chinamangidwa liti?"

"Chakhala pomwepo kuyambira Ofori asanabadwe."

"Ha! Zaka zonsezi mukandinyamula ndimangoona zobiriwira zikuthawa, maso ndili tsinzi, kupemphera. Lero ndiye ndauona msewu wanu."

Ananyema nthochi yootcha, naikapo timtedza, n'kuwaika amuna awo m'kamwa ngati mwana. A Takyi anatafuna, ndipo nkhope yawo inamasuka. Anayamba kukambirana za khanda, ngati lidzatenge mphuno ya kwa bambo kapena ya kwa mayi. Mayi Konadu anati akupempha Mulungu kuti kwa agogo ake litenge dzina lokha, mphuno liisiye. Maola awiri anatha chotero, injini ikung'ung'udza bwinobwino ngati mphaka wokhuta.

Atangopitirira Akumadan, pamene amayi amaunjika mabokosi a matimati m'mbali mwa msewu, kumbuyo kunalira hutala yodziwika. Anali Bediako, dalaivala wa pa siteji yomweyo, amene kwa zaka khumi anayesa kudutsa a Takyi koma osatha. Sanadutse msanga. Anayendetsa galimoto yake pambali pawo, mutu uli pa windo.

"Ee! Kodi si a Mphepo awa? Ine ndimayesa maliro, ndinatsala pang'ono kuvula chipewa! Mayi, tsikani mukwere kuno, mdzukulu wanu angakwatiwe musanafike!"

Anthu amene ananyamula anafa nacho chiseko. Mayi Konadu nawonso anaseka, n'kumubayibitsa.

"Ndipo mwachita kulemba nokha, akulu!" anakuwa Bediako. "Dutsani! Zikomo, ndadutsa. Mawa siteji yonse imva!"

Anaponda mafuta n'kuwasiyira utsi.

Maliro aja sanawapweteke a Takyi. Chimene chinawalasa ndi mawu akuti mwalemba nokha. Anakhotetsera galimoto pambali, anatsika, anamatula katoni ija n'kuiponya mu ngalande.

"Bambo a Ofori, katoniyo yakulakwirani chiyani?"

"Ikunditchinga, kumbuyo sindikuonako."

"Kumbuyo munayamba liti kuyang'anako?"

A Takyi anabwerera pa chiwongolero. Analowetsa giya.

"Chitunda chimodzi chokha, mayi a Ofori. Ndingomukumbutsa kuti ndine yani."

"Iyeyo akudziwa kuti ndinu yani. Amene sakudziwani ndi uja tikupitira."

Koma phazi linali litatsika kale. Singano inadutsa makumi asanu ndi awiri, inadutsa makumi asanu ndi anayi, inakagunda zana. Injini inaimba nyimbo imene a Takyi anaisowa chaka chonse, ndipo mtima wawo unabwerera ku unyamata. Pa chitunda chachitali anamupeza Bediako, osatsitsa giya, namudutsa chipewa chili m'mwamba. Anaseka mpaka misozi. Mayi Konadu anali atatsinzinanso, manja atafumbata dengu.

Chisangalalocho sichinafike patali. Poyamba linabwera fungo, ngati la mphika woiwalika pamoto. Kenaka singano ya kutentha inakwera mpaka pofiira. Kenaka pansi pa boneti panamveka gu! gu! gu! ngati munthu akusinja mu mtondo wopanda kanthu. Galimoto inanjenjemera, inayenda pang'ono ndi mphamvu yotsala, n'kuima. Kunangoti zii, kupatula madzi akuwira. A Takyi anapotokola kiyi. Injini sinatembenuke n'komwe. Inali itanoka.

Bediako atafika anaima, ndipo ulendo uno sanaseke. Anayang'ana utsi wotuluka m'mbali mwa boneti, n'kuvuladi chipewa chija.

"Akulu, ine ndimangocheza."

"Ndikudziwa, mphwanga."

Anatulutsa chingwe. Motero Mphepo analowa mu Techiman akukokedwa ndi munthu amene anamudutsa pa chitunda, pa liwiro loti wa njinga yakapalasa ankawapitirira. Pofika, dzuwa linali litalowa, ndipo lole yokhayo yopita ku mudzi wa Ofori inali itanyamuka kalekale. Masiku amenewo kunalibe foni yoti n'kuimba. Anagona kwa mlongo wake wa Bediako.

M'mawa anali oyamba kukwera lole, koma lole ya kumudzi siyang'ana wotchi, imayang'ana mipando. Anakhala pa thabwa lolimba, dzuwa likutuluka, likukwera, wolembera akuitanabe anthu. A Takyi ankayang'ana kumwamba kenaka pansi, milomo ili gwa. Mayi Konadu anangotenga dzanja la amuna awo n'kuliika pa dengu, pamwamba pa nsalu yoyera imene anagulira mdzukulu, naliphimba ndi lawo.

Anafika masana. Mabenchi anali akubwezedwa ku sukulu, amayi akutsuka miphika kuseri kwa nyumba, ndipo alendo ovala zoyera anali akutsazika. Ofori anawachingamira pa khomo, maso ali ofiira.

"Bambo, tinadikira. Ndinakaima ku msewu kuyambira mbandakucha. Dzuwa litafika pamwamba pa mango apo, akuluakulu anati mwana sangagonenso wopanda dzina. Anamunyamula ndi a katekisiti."

A Takyi anafunsa, "Dzina anatchula bwino?"

"Abena Takyiwaa. Anatchula katatu."

Anawapatsa mpando pa khonde. Mpongozi wawo anatuluka ndi khanda, anagwada, n'kuliika m'manja mwawo. Linali lopepuka ngati mtolo wa thonje, likugona, timilomo tikuyamwa mphepo. Manja amene anagwira chiwongolero zaka makumi atatu analifukata mosamala.

"Koma chinachitika n'chiyani panjira?" anafunsa Ofori. "Ife timaopa ngozi."

Mayi Konadu anafulumira kuyankha. "Ndi galimoto, mwana wanga. Zitsulo zilibe chibale, zimangofa pamene zafunira."

A Takyi anapukusa mutu, maso ali pa khanda. "Ofori, pomudonthezera pa lilime, a katekisiti anati chiyani?"

"Monga mwa nthawi zonse, bambo. Ukati madzi, akhale madzi. Ukati mowa, ukhale mowa."

"Ndiye mwana amene wauzidwa zimenezo m'mawa asamve bodza masana, ali pa miyendo ya mwini dzina. Mayi ako akungondiveka nsalu. Galimoto sinalakwe, Fosu sanalakwe. Anandiuza kuti ndiyende pang'onopang'ono, ndipo ndikanamvera ndikanagona m'nyumba muno dzulo. Ndinapikisana ndi munthu pa chitunda."

Ofori anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye munapambana?"

"Ndinapambana."

Mwana ndi bambo anayang'anana. Ofori anayamba kuseka, koma chisekocho chinathera m'misozi, ndipo anakhala pansi pafupi ndi mapazi a bambo ake, mutu atatsamira pa bondo lawo monga ankachitira ali wamng'ono.

"Mugwirizize mutu, bambo," anatero Ofori. "Khosi likadali lanthete."

A Takyi anasuntha chikhato chawo mosamala. Anaweramira khanda lija n'kulinong'oneza dzina lake, kamodzi kokha, popanda madzi, popanda mboni. Mwayi wotchula pamaso pa anthu unali utapita, ndipo tsiku lachisanu ndi chitatu silibwera kawiri. Anakhala pa khondepo mpaka mthunzi unatembenuka, osagwedezeka, kuopa kudzutsa mwana.

Ine ndatha nsapato zambiri m'misewu ya eni, ndipo nkhani za madalaivala ndamva zosawerengeka, koma iyi anandiuza ndi mayi Konadu eni ake, akuseka uku akupukuta m'maso. Amuna awo anadutsa aliyense amene anafuna kumudutsa tsiku limenelo, koma pa khomo la mdzukulu wawo anafika omalizira. Akuluakulu sananame: kuthamanga si kufika.