Nkhope ya Tereziya ndi Mafuta a Chitsamba Chaminga

Ana inu, pali mwambi wina umene ndikaumva mtima umandiwawa. Tcherani khutu ndikuuzeni kumene udachokera.

Padali mayi wina dzina lake Nankhoma, amene adali ndi mwana mmodzi yekha, Tereziya. Mtsikanayo adapeza womufunsira ndipo chinkhoswe chidayandikira, koma ziphuphu zidangoti mbwee kumaso, moti ngakhale kuchitsime ankapita chozemba.

Masiku omwewo kumsika kudafika mayi wina wachilendo. Ankagulitsa mafuta odzola ochokera ku njere za chitsamba chaminga, cha masamba a mizere yoyera ngati wina watayirapo mkaka, ndipo ankayamba waphunzitsa anthu kadzoledwe kake. Nankhoma atamva kuti mafutawo amathetsa ziphuphu adafuna kupitako, koma chimera chili padzuwa, mphale ili m'madzi, nanga alendo a chinkhoswe adzadya chiyani? Adaitana mlamu wake Eneresi, munthu wapakamwa posatseka.

"Alamu, ine ntchito yandipanikiza. Kandimverereni zimene akunena kumeneko, mundigulirenso botolo limodzi."

Eneresi pobwerera, botolo lili m'manja, adayamba kulankhula asadakhale n'pansi pomwe.

"Alamu, zakupitani! Maluwa ake a chitsambacho! Ofiirira bwino, atangoti ngwi pamwamba pa minga. Ndapemphako njere, ndikadzala kuseri kwa nyumba."

"Nanga za kadzoledwe anena chiyani?"

"Aa, inunso! Mafuta n'kudzola basi. Kudzolanso n'kochita kuphunzira?"

Nankhoma sadafunsenso. Adakhazika mwana wake pamphasa, namupaka nkhope yonse ndi manja ake omwe, mpaka m'khosi, mowirikiza kuti zigwire msanga.

Kutacha, mayo ine! Nkhope idatupa, maso adatsekeka, masaya ali matuza okhaokha.

"Amayi, ndikupsa!" adalira Tereziya, akufufuza ndi manja. "Muli kuti? Sindikukuonani!"

Nthawi imene dzulo lake idasowa ija, tsopano idapezeka. Nankhoma adasiya mphale ndi chimera, liwiro la mtondo wadooka kumsika. Mayi wachilendo uja atamva, adagwira pakamwa.

"Mayi, si ndidanena dzulo pamaso pa anthu onse? Mafutawa anthu ambiri amawayanja, koma munthu ayambe wapaka pang'ono pamkono n'kudikira aone. Ndidanenanso kuti amene amatupa akakhudza mpendadzuwa asayerekeze n'komwe, poti zomera ziwirizi n'zapachibale."

Nankhoma adangokhala pansi m'fumbi. Mpendadzuwa! Eneresi mawu amenewo adawamva ndithu, koma kwa iye adangodutsa ngati mphepo, poti sadali kumukhudza. Amene ankadziwa ndi Nankhoma yekha. Tereziya ali khanda adatupapo thupi lonse ali kumbuyo kwa mayi ake m'munda wa mpendadzuwa, ndipo kuyambira pamenepo Nankhoma sadadzalenso mbewuyo. Akadakhala pamsikapo yekha, botololo sakadaligula.

Kuchipatala kutupa kudaphwa ndipo maso adatseguka, koma zipsera zakuda zidatsala. Akuchimuna adabwera, adaona, nati ayambe akaganiza kaye. Kuganizako kudapitirira mpaka mnyamata adakwatira kwina. Anthu ena mitima yawo, ana inu, ndi yochepa ngati ya nkhuku!

Tereziya sadawakalipire mayi ake ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zidawapweteka koposa. Anthu ankati akadzudzula Eneresi, Nankhoma ankapukusa mutu.

"Musiyeni. Adandiuza zimene maso ake adakonda. Mwanayo ndi wanga, makutu oyenera kukamva adali angawa."

N'chifukwa chake akulu amati, "Kandimverere adakanena za m'maluwa." Munthu amene wamutuma kukakumverera amatola zomusangalatsa iyeyo, n'kusiya mawu amene akadakupulumutsa, chifukwa sadziwa pamene pali bala lako. Nkhani ikakhala ya thupi lako kapena la mwana wako, siya mphale ivunde, pita ukamve wekha. Mphale ikaonongeka umakonola ina, koma nkhope siikonoledwa kawiri.