Timitanda ta Mai Tryphena

M'mudzi wathu wa kumapiri a Massachusetts, m'zaka zija nkhondo yolimbana ndi mfumu ya ku England itangozilala, munalibe nyumba yopanda mpando wa a Zenas Whitcomb. Mipando yawo inali yosadzionetsera: miyendo inayi ya mtengo wa mapulo, timitanda topingasa tolumikiza miyendoyo, ndi pokhalira polukidwa ndi mlulu. Koma inatchuka chifukwa sinkadziwa msomali kapena guluu, ndipo inkalimbirako ikamakalamba. Njira yake mmisiri aliyense ankaidziwa, ngakhale oikwanitsa anali owerengeka. Mwendo umasemedwa mtengo udakali wauwisi, koma kamtanda kamalowa m'bowo katauma gwa. Tsono mwendowo ukamauma umafinya kamtandako ngati dzanja la munthu waumbombo, osadzakasiyanso mpaka zidzukulu zitamera imvi.

Kuumitsa timitandato inali ntchito ya akazi awo, mai Tryphena. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu a Zenas ankabweretsa mtolo wa timitengo pakhomo la khitchini, n'kudzautenga patapita masabata atatu. Zochitika pakatipo sanazifunsepo. Ankangodziwa kuti m'khitchinimo muli moto, ndipo m'maganizo mwawo moto ndiwo unkagwira ntchito yonseyo.

Mwana wawo wachitsirizira, Lovisa, anali kukwatiwa ndi mwana wa a Jabez Orcutt, mmisiri wa makabati ndi matebulo. Akuluakulu awiriwa anali mabwenzi a pamlomo, okondana mwa kunyozana. A Zenas ankawatcha anzawowo mmisiri wa mphika, poti pa ng'anjo yawo sipankachoka kamphika ka guluu wa zikopa, ndipo ankakonda kunena pagulu kuti mtengo womatira uli ngati banja lomangidwa ndi akhoti. Mwa mwambo wathu mkwatibwi ankalowa m'banja ndi zipangizo zochokera kwa makolo ake, ndipo a Zenas analonjeza mipando isanu ndi umodzi. Ankafuna kuti mwana wawo akalowe pakhomo la a Orcutt mutu uli m'mwamba, ndi zinthu zimene apongozi ake sakanatha kuzipezera chilema.

Kutatsala masabata asanu kuti ukwati uchitike, kunabwera uthenga woti mng'ono wawo wa mai Tryphena wadwala mwakayakaya kutsidya kwa mtsinje wa Connecticut. Akumanga katundu wawo, mayiwo anapempha amuna awo kuti mipandoyo idikire. Anati Lovisa akhoza kuyamba banja ndi mabenchi, mipando idzamutsatira iwo akabwerako. Anati kuchedwa kwa mphatso sikuchititsa manyazi. A Zenas anaseka, nawakweza pangolo.

"Amake Lovisa, mitengo imaumitsidwa ndi moto. Moto ndiye mukuusiya konkuno, kapena mwaulongedzanso m'bokosimo?"

"Chabwino, abambo," anayankha mayiwo akukonza chipewa chawo. "Mukaufunse motowo, mwina ukuuzani."

A Zenas anasema timitanda makumi asanu ndi limodzi, natiyala pamwala wa patsogolo pa moto masiku anayi, akutitembenuza ngati chimanga chootcha. Atatikhudza tinali touma, tofunda, topepuka m'dzanja. Lovisa anayesa kunena kuti amayi ake sachita chotero, koma bambo ake anamuuza kuti asamale za diresi lake, za mitengo awasiyire eni ake. Anakhomerera timitandato m'miyendo ndi nyundo yamtengo, naluka mlulu mosamala kuposa kale lonse. Kunena zoona, mipando yokongola chotero inali isanatulukepo m'manja mwawo. Mai Tryphena anabwerako kutatsala masiku awiri, mng'ono wawo atachira. Anaiyang'ana mipandoyo, nagwedeza umodzi pang'ono. Ukwati unayenda bwino, ndipo ngakhale a Orcutt anavomera kuti ntchitoyo inali yaukhondo.

Koma mtengo sufulumira kuulula za m'kati mwake. Chisanu chitayamba, Lovisa ankasonkha moto tsiku lonse m'kanyumba kake katsopano, ndipo timitanda tija, timene tinauma khungu lokha, tinayamba kuonda m'mabowo mwake. Mipando inayamba kulira. Lovisa anabisa nkhaniyi pofuna kusunga ulemu wa bambo ake. Ankatsendera tinsanza m'mabowo, ndipo mpando wogwedera kwambiri ankakhalapo yekha mosamala ngati wakhalira mazira.

Pa tsiku lothokoza Mulungu chifukwa cha zokolola, mabanja onse awiri anasonkhana kwa Lovisa. Nkhukundembo inali patebulo, zitumbuwa za maungu zikudikira pawindo. Apongozi ake aakazi, mai Orcutt, munthu wathupi ndithu, anatsamira kumbuyo akuseka nthabwala ya amuna awo. Kamtanda ka kutsogolo kanasololoka n'kugwa pansi, miyendo inatangadza pang'onopang'ono, ndipo mayiwo anatsetsereka mwaulemu mpaka kukhala pansi, mbale idakali m'manja. Sanavulale. Koma pamene ankawadzutsa, onse anaona tinsanza tikusuzumira m'mabowo, ndipo Lovisa anabisa nkhope m'epuloni n'kuyamba kulira.

Misozi imeneyo ndiyo inawalasa a Zenas. A Orcutt sanaseke mokweza; anangowagwira paphewa.

"Asebere, kamphika kaja kadakali pamoto. Ndikubwerekeni, sindiuza munthu."

A Zenas anatembenuka. Anapita kwa mwana wawo, namuuza pamaso pa onse kuti cholakwa n'chawo, kuti iye anawachenjeza koma iwo sanamve. Chakudyacho anachimalizira ali pabenchi, ndipo m'mawa mwake anabwera ndi ngolo, natenga mipando yonse.

Loweruka lotsatira, tsiku lophika buledi, anafika pakhomo la khitchini ndi mtolo watsopano. Ulendo uno sanausiye pakhomo. Anavula chipewa, nalowa, nakhala pakona ngati mlendo. Anaona akazi awo akutulutsa buledi mu uvuni wa njerwa, kenaka nyemba, kenaka akudikira. Mayiwo ankalowetsa mkono mu uvunimo nthawi ndi nthawi, mpaka kutentha kutafika poti munthu n'kupirira. Akanafulumira timitengo tikanang'aluka, akanachedwa sitikanamva kanthu. Ndipo anatilongedza motalikirana, natsekapo. Anafotokoza kuti amatero Loweruka katatu, ndipo pakati pa sabata amatipachika kudenga pamwamba pa moto.

Masabata atatu atakwana, mayiwo anatenga timitanda tiwiritiwiri n'kumatigundanitsa pafupi ndi khutu. Tina ankatiika m'dengu, tina ankatiponya pa nkhuni. A Zenas anafunsa kuti otayidwawo alakwa chiyani, poti onse anatuluka mu uvuni umodzi. Mayiwo anati kouma mpaka pamtima kamalira ngati belu, kobisa madzi kamayankha ngati munthu wa chimfine. Anati pa khumi paliponse amataya tiwiri kapena titatu, ndipo n'chifukwa chake masiku onse ankawauza kuti aseme tochulukirapo. A Zenas anakumbukira kuti kwa zaka zonsezi ankaganiza kuti akazi awo sadziwa kuwerenga bwino, kapena kuti amaba timitengo toyatsira moto.

Anatenga tiwiri, nagundanitsa, natchera khutu. Anatenganso tina. Kwa iwo tonse tinkalira chimodzimodzi.

"Sindikumva kusiyana kulikonse, amake Lovisa."

"Simungamve, abambo. Makutu anu anatha ndi nyundo, ndi kumva mawu anu omwe."

A Zenas anayang'ana dengu. Kenaka anati, "Ndiye mukadzatsogola ndinu, ine ndidzangosema mipini ya makasu." Mayiwo anawauza kuti asiye zolosera maliro, anyamule dengu, mwana akudya choimirira.

Mipandoyo inabwerera kwa Lovisa chisanu chisanathe, ndipo mai Orcutt ndiwo anayamba kuikhalira, akutsamira dala. Ilipo mpaka lero, yada ndi utsi ndi manja a anthu, yosagwedera. Alendo amaitcha mipando ya a Whitcomb, ndipo sakulakwa, pakuti a Whitcomb analipo awiri. Mmodzi anazindikira zimenezi mnzake atangochokapo masabata asanu. Paja akuluakulu anati, chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.